Mafayilo a Milandu: M'seva ya mu Ofesi Kapena pa Cloud?

Mlimi wa ku Magaleta akalimbirana munda ndi mnzake, nkhani n'kufika kwa loya ku Blantyre, mphamvu yake imagona m'mapepala: chigamulo cha amfumu, zonena za mboni ndi masiku a ku khoti. Pepala limodzi likasowa, munda ukhoza kupita. N'chifukwa chake maloya ambiri amasunga zonsezi m'mapulogalamu oyendetsera milandu, ndipo ife amene tikuphunzira za makompyuta ndi bizinesi tiyenera kudziwa njira ziwiri zomwe zilipo.

Yoyamba ndi seva, kompyuta yaikulu yokhala mu ofesi momwemo. Mafayilo satuluka pakhomo, ndipo ntchito imayenda ngakhale intaneti itadula. Koma seva imadya magetsi usana ndi usiku. Tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Ofesi yotere imafuna jenereta kapena sola, katswiri woikonza, komanso kope lina la mafayilo losungidwa kwina, kuopa moto ndi akuba.

Yachiwiri ndi cloud. Mafayilo amakhala pa makompyuta a kampani ina, monga Clio ya ku Canada, ndipo loya amawatsegula pa foni kapena laputopu ali ku khoti la ku Neno. Vuto ndi netiweki ya kumidzi, komanso malipiro a mwezi ndi mwezi, omwe nthawi zambiri amakhala m'madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabilu otere adakwera tsiku lomwelo.

Palinso lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, lomwe limaika malire pa kutumiza kunja uthenga wokhudza anthu. Loya azifunsa kaye dziko limene mafayilo akasungidwe, ndiponso ngati adzathe kuwatenga onse akadzasiyana ndi kampaniyo.

Kwa ofesi yaing'ono yopanda katswiri, cloud imapepuka, bola mafayilo a mlandu wa mawa akoperedwe pa laputopu lero. Ofesi yaikulu yokhala ndi sola ingathe kusamala seva. Ku mpingo timaphunzira za ukapitawo. Chinsinsi cha munthu amene wakhulupirira loya ndi chuma chosungitsidwa, ndipo njira iliyonse iyesedwe ndi mmene ikuchitetezera.