Kusankha skid steer yakale yokankhira sinowo

Ku Minnesota ndi ku North Dakota m'dziko la America, komanso ku Manitoba m'dziko la Canada, sinowo ikagwa usiku ntchito siidikira kuti kuche. Pofika 6 koloko m'mawa, pabwalo loimikapo magalimoto pasitolo kapena patchalitchi payenera kukhala poyera, mlimi nayenso apeze njira yofikira kukhola. Ntchito imeneyi kawirikawiri imagwiridwa ndi kamakina kotchedwa skid steer, kathirakitala kafupi ka matayala anayi, kokhala ndi mikono iwiri yonyamula chidebe kutsogolo. Kalibe chiwongolero. Matayala akumanzere amayenda paokha, akumanja paokha, ndipo woyendetsa akafuna kukhota amapititsa mbali imodzi kutsogolo, ina n'kuibweza, kamakinako n'kuzungulira pamalo amodzi kakukwekweretsa matayala pansi.

Kanabadwira konko kozizirako. Mu 1957 abale awiri, Cyril ndi Louis Keller, amisiri a zitsulo a ku Rothsay, Minnesota, anapangira mlimi wina wa nkhukundembo kamakina ka matayala atatu kokokolera zitosi m'khola. Kampani ya Melroe ya ku Gwinner, North Dakota, inawatenga abalewo mu 1958, ya matayala anayi inatuluka mu 1960, ndipo dzina loti Bobcat linayamba mu 1962. Lero Case, New Holland, John Deere, Caterpillar, Kubota ndi ena amapanganso zawo. Yatsopano ndi yodula zedi kwa munthu amene akungofuna kukonza pakhomo pake ndi pa anansi angapo, n'kumatutira miyala kapena nkhuni nthawi yotentha, ndiye ambiri amagula yoti inagwirapo kale ntchito kwina.

Aliyense amene anaperekezako mkulu wina kukagula ng'ombe yapangolo ku Kasungu kapena ku Mchinji akudziwa kale theka la nkhaniyi. Wogula wozindikira satengeka ndi kusalala kwa chikopa. Amaitsegula pakamwa kuona mano, amainyamula phazi kuona ziboda, amasisita pakhosi pamene pamakhala goli, kenako amati, "Taiyendetsani tione." Amafunsanso chifukwa chimene mwini wake akuigulitsira. Skid steer yakale imagulidwa chimodzimodzi, ndipo penti watsopano asakusokonezeni maso.

Choyamba ndi msinkhu. Makina aliwonse otere amalembedwa katundu amene angathe kunyamula bwinobwino, ndipo pa ya matayala nambalayo ndi theka la katundu amene angaigwetse chamutu. Bobcat S185, imene inagulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 2000, imanyamula makilogalamu pafupifupi 840, pamene 763 yakale ija imanyamula pafupifupi 680. Pa sinowo ndi tintchito ta pakhomo, msinkhu umenewu ndi wokwana. Sinowo yongogwa kumene ndi yopepuka, kyubiki mita imodzi mwina makilogalamu 100 kapena kucheperapo, pamene mchenga wochuluka chomwecho umafika cha m'ma 1,600. Yonyowa kapena yotsendereka imatha kulemera kanayi kapena kasanu kuposa yatsopanoyo, komabe vuto la sinowo ndi kuchuluka. N'chifukwa chake anthu amachotsa chidebe cha dothi n'kumangapo china chachikulu chopepuka, kapena chibokosi chotambalala chongokankhira. Ine ndimaona kuti ambiri amalakwitsa pogula yaikulu kwambiri poganiza kuti akudziteteza. Ng'ombe yaikulu imadya ngakhale tsiku limene sinakoke kanthu, ndipo makina aakulu amamwa dizilo wambiri, amafuna ngolo yaikulu yowanyamulira, amalepheranso kulowa m'tinjira ta anthu oyenda pansi, mmene kamakina ngati Bobcat S70, kosafika mita imodzi m'lifupi, kamangodutsa bwinobwino.

Tibwere ku ziboda. Masiku ano ogulitsa amakonda kukuonetsani ya malamba a labala m'malo mwa matayala. M'matope ndi pakapinga malambawo ndi abwinodi, chifukwa amamwaza kulemera kwa makina pamalo aakulu. Koma ubwino womwewo ndi umene umawagwetsa pa ayezi: sakanikiza pansi, ndiye amangotsetsereka, makamaka pamalo otsetsereka. Tayala lopyapyala limaboola sinowo n'kukagwira pansi polimba, ndipo mukhoza kulimanga matcheni. Kusintha malamba ndi timawilo take tam'kati kumadyanso ndalama zambiri kuposa kugula matayala anayi. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi sinowo pa phula kapena pa konkire, gulani ya matayala. Mukapeza yokhala ndi magiya awiri, ndi bwino kwambiri pabwalo lalikulu: ya giya imodzi imathera cha m'ma kilomita 11 pa ola, ya awiri imayandikira 18, komanso kukankha sinowo kumafuna kaliwiro pang'ono.

Mano a makinawa ndi wotchi yowerenga maola amene injini yagwira ntchito. Muiwerenge ndithu, koma musaikhulupirire yokha, pakuti wotchi imafa ndipo imasinthidwa. Onani zimene sizinganame. Zopondera za mapazi zafufutika motani? Mpando watha bwanji? Uzani mwini wake akweze chidebe pang'ono, aziimitsa n'kuchipendeketsa mofulumira, inu mutaima chapatali ndithu m'mbali, maso ali pa mapini amene amalumikiza mikono ndi chidebe. Pini yodyeka imaoneka ikudumpha m'bowo mwake, imamvekanso kuti gwa, gwa. Pamalo othirira girizi pazikhala ponona. Mukapeza pouma, pofiira ndi dzimbiri, dziwani kuti makinawa ankangowagwiritsa ntchito osawasamala, ngakhale wotchi ikunena maola ochepa. Ya maola 4,000 imene inkasinthidwa oilo pa nthawi yake, mapepala a kugalaja alipo, ine ndingaisankhe kusiya ya maola 2,000 yopanda mbiri.

Pakhosi pa goli ndi mikono ija. Yang'anani ming'alu ndi malo owotcherera, makamaka pafupi ndi mapini akuluakulu akumbuyo ndi pachitsulo chopingasa cholumikiza mikono iwiriyo. Makina amene ankaswa konkire kapena kugumula nyumba amaonekera pamenepo. Mdani wina wobisika ndi mchere umene amawaza m'misewu kuti ayezi asungunuke. Makina amene akhala zaka akukankha sinowo kapena kututa mcherewo amadyeka kunsi, mawaya a magetsi n'kuwola polumikizira, mapaipi a hydraulic n'kuchita dzimbiri. Manyowa a m'khola ndi feteleza amachitanso zomwezo. Kanyumba ka woyendetsa kamapendekeka kuti muone kunsi kwake, choncho pemphani kuti akatsegule. Mukapeza chithaphwi cha oilo chosakanikirana ndi dothi, funsani kumene akuchokera. Muonenso oilo wa m'bokosi mmene mumayenda matcheni ozungulitsa matayala: akakhala wotuwa, ndiye kuti munalowa madzi.

Koma mayeso aakulu kuposa onse ndi kuiliza kuli kozizira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Skid steer ya sinowo imagwira ntchito yake pa ola loipitsitsa la tsiku loipitsitsa, mbandakucha, kuzizira kutafika madigiri 25 pansi pa ziro. Ikakana kulira nthawi imeneyo, mphamvu zake zonse n'zachabe. Ndiye panganani ndi wogulitsa kuti asaiyatse inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, bwererani tsiku lina. Injini ya dizilo yotopa imalira bwinobwino ikakhala yotentha, koma ikazizira imakoka nthawi yaitali, imatsokomola, n'kutulutsa utsi woyera kapena wabuluu wosatha msanga. Kautsi pang'ono poyambirira si vuto, koma kayenera kutha m'kanthawi kochepa. Ikalira, masulani chivindikiro cha pothirira oilo: pakamatuluka mpweya wambiri wautsi mokankha chivindikirocho, injiniyo yadyeka m'kati. Funsaninso ngati ili ndi chotenthetsera injini chapamagetsi chimene amalumikiza kukhoma usiku, ndiponso zaka za batire. Dizilo wamba amayamba kuchita phala kukazizira kwambiri n'kutseka sefa, n'chifukwa chake kumeneko amagulitsa dizilo wa nyengo yozizira. Zimenezo zili kwa inu mwini, osati kwa wogulitsa.

Mukatero, "taiyendetsani tione." Kankhani mofanana zogwirira ziwiri zoyendetsera matayala, muone ngati ikuyenda molunjika. Ikamakokera mbali imodzi, kapena ikafooka oilo atatentha, vuto likhoza kukhala pa pampu kapena mota ya hydraulic, ndipo zimenezi ndi zina mwa zodula kwambiri m'makinawa. Musathamange, ipatseni mphindi makumi awiri kapena atatu. Kwezani mikono, zimitsani injini muli chikhalire pampando, muone ngati ikutsika yokha. Ngati mudzafuna kumangapo makina ouluzira sinowo kutali, funsani kuchuluka kwa oilo amene pampu imatumiza kutsogolo, chifukwa aakulu amafuna pampu yamphamvu imene si skid steer iliyonse ili nayo. Wongokankha ndi chidebe asalipire zimenezo.

Kanyumba kotseka, kokhala ndi chitseko, hita ndi waipa, ena amakaona ngati kongodzisangalatsa. Ayi ndithu. Munthu amene zala zachita dzanzi sayendetsa bwino, ndipo galasi likachita nkhungu saona mwana kapena galimoto kumbuyo, kumene makinawa saonetsa bwino ndi kale lomwe. Kuwonjezera chitseko ndi hita pambuyo pake kumadula, ndiye ndi bwino kugula yokhala nazo kale. Chinthu chimodzi chokha chimene sindingalole kunenerera ndi zotetezera moyo. Chitsulo chimene chimatsika pamimba pa woyendetsa chiyenera kutseka mikono ndi matayala chikakwezedwa, ndipo sefa zachitsulo za m'mbali ziyenera kukhalapo. Anthu afapo atapanidwa ndi mikono imeneyi chifukwa wina anadula waya kuti azitsika msanga injini ikulira. Mukayesa n'kupeza kuti mikono ikuyendabe chitsulocho chili m'mwamba, musaigwiritse ntchito mpaka itakonzedwa.

Pali nkhani inanso ya chaka chimene inapangidwa. Cha m'ma 2013 mpaka 2015, malamulo a ku America ochepetsa utsi, otchedwa Tier 4, anasintha mainjiniwa. Ena anaikidwa sefa yogwira mwaye, imene imafuna kuti injini izitentha kwambiri kuti mwayewo upse, ndipo ntchito yopepuka ya kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi m'nyengo yozizira imaitseka msanga. A mphamvu zopitirira mahosipawa 75 ambiri amafunanso madzi ochepetsera utsi woipa otchedwa DEF, amene amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro. Kwa munthu wa ntchito zochepa, injini yaing'ono kapena yakale yopanda zambiri zamakompyuta ndi yosavuta kukonza, ndipo n'chifukwa chake Case 1845C, imene anasiya kupanga kalekale, anthu amaisakabe. Yatsopanoko ili ndi ubwino wake: utsi wochepa, phokoso lochepa, kanyumba kofunda bwino.

Za dzina la kampani sindikangana nazo kwambiri. Funsani kuti wogulitsa masipeya ali kutali bwanji ndi kwanu, ndiponso ngati makaniko wa m'dera lanu amaidziwa. Paipi ya hydraulic ikaphulika pakati pa January sinowo ikugwabe, shopu ya makilomita 15 imaposa ya makilomita 150, kaya makinawo ndi oyera, achikasu kapena ofiira. Onetsetsaninso kuti pomangira chidebe ndi pa mtundu wofala uja umene makampani ambiri amagwiritsa ntchito, chifukwa zina zakale zili ndi pakepake, zipangizo zobwereka sizikwanapo. Ndipo musanapereke ndalama, werengani kulemera kwake: ya msinkhu wa S185 imayandikira matani atatu, choncho ngolo yanu ndi galimoto yoikoka ziyenera kukhala zololedwa kunyamula katundu wotero pamsewu woterera.