Kodi Mano Akuwongoka? Momwe Mungadziwire Kuti Ma Aligner Akugwira Ntchito



Teremu yathayi ophunzira ena adatibweretsera kanema wa pa Facebook woonetsa mano opingasana akuwongoka m'masekondi khumi okha. Funso lawo lidali loti, "Aphunzitsi, zimenezi n'zoona?" Pasanathe sabata, kholo lina lidatiuza za mwana wawo wamkazi yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg. Adalipira ndalama zambiri kuti awongole mano ndi timapulasitiki totchedwa ma aligner, koma patatha masabata asanu ndi limodzi adaimba foni akudandaula kuti palibe chikusintha, ndipo akufuna kusiya.

Ophunzira aja adaona liwiro lomwe kulibe, pomwe mtsikana uja sadaone kusintha komwe mwina kudalipo. Onsewo akufunika kudziwa chinthu chimodzi: dzino limasuntha bwanji, ndipo munthu angazindikire bwanji kuti layamba kusuntha. Wosadziwa zimenezi akhoza kutaya ndalama posiyira chithandizo panjira, kapena kutaya dzino lenilenilo pofuna njira yachidule.

Ma aligner ndi chiyani?

Ambiri timadziwa mawaya amene madokotala amamangirira kumano. Ma aligner amagwira ntchito yomweyo koma alibe waya. Ndi pulasitiki wopyapyala, woonekera mkati, woumbidwa molingana ndi mano a munthu mmodzi, ndipo amavalidwa ngati chipewa pamwamba pa mzere wonse wa mano. Dokotala amayamba wajambula kapena kudinda mano, kenako kompyuta imagawa ulendo wonse m'masitepe ang'onoang'ono. Sitepe iliyonse ili ndi aligner yake. Munthu amavala imodzi kwa sabata imodzi kapena awiri, n'kuivula, n'kutenga yotsatira.

Nzeru imeneyi si yadzulo. Mu 1945 dokotala wa mano wa ku America, Harold Kesling, adafotokoza kale zoti mano angathe kusunthidwa pang'onopang'ono ndi zovala zoumbidwa motsatizana. Koma kuumba chilichonse pamanja idali ntchito yaikulu. Zinthu zidasintha makompyuta atabwera. Mu 1997 Zia Chishti ndi Kelsey Wirth adayambitsa kampani ya Align Technology ku California, yomwe idatulutsa ma aligner otchedwa Invisalign. Lero makampani opanga zimenezi ndi ambiri.

Dzino limasuntha bwanji?

Dzino silidakhomedwe m'nsagwada ngati msomali m'thabwa. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa pali timinofu tating'ono kwambiri tomwe timaligwira ngati zingwe. Aligner ikakankha dzino mofatsa kwa maola ambiri, timinofu ta mbali imodzi timapanikizika, ta mbali inayo timakokeka. Thupi limayankha. Kumbali yopanikizika, maselo ena amagumula fupa pang'ono kuti dzino lipeze njira. Kumbali yokokeka, maselo ena amamanga fupa latsopano kutseka malo amene dzino lachoka.

Ndiye kuti pulasitiki imangolozera njira, koma ntchito yeniyeni ikugwiridwa ndi fupa lamoyo, ndipo fupa lili ndi liwiro lake. Mukakankha mwamphamvu kuposa muyezo, magazi sayenda bwino m'timinofu tija, dzino limaima, ndipo muzu ukhoza kufupika. N'chifukwa chake aligner imodzi imakonzedwa kuti isunthe dzino pafupifupi 0.25 mm basi.

Ophunzira, tengani rula yanu ya masamu. Kampata kakang'ono kwambiri pakati pa timizere tiwiri ndi 1 mm. Kuti dzino liyende kampata kameneko pafunika ma aligner anayi. Ngati iliyonse ikuvalidwa masabata awiri, ndiye masabata 8. Chikhadabo cha kudzanja chimakula pafupifupi 3 mm pamwezi, kutanthauza kuti chimalisiya kutali dzino lomwe likuwongoledwa. Ndani mwa ife adaonapo chikhadabo chikukula?

Chifukwa chake kalilole amanamiza

Mayi amene amakhala ndi mwana tsiku ndi tsiku saona kuti akutalika. Azakhali obwera kuchokera ku Limbe patatha chaka ndiwo amadabwa kuti mwana wakula. Mano nawonso ndi chimodzimodzi. Wodziyang'ana pa kalilole m'mawa uliwonse amayerekeza lero ndi dzulo, ndipo pakati pa lero ndi dzulo palibe chooneka.

Pali chifukwa chachiwiri. Mano akutsogolo akapanikizana, vuto limakhala kusowa malo. Nthawi zambiri dokotala amayamba wasuntha mano akumbuyo kapena am'mbali kuti malo apezeke, ndipo akutsogolo, omwe mwiniwake akuwayang'anitsitsa, amadikira nthawi yawo. Munthu akhoza kutha miyezi iwiri kapena itatu ntchito ikuyenda bwinobwino kumbuyo, iye akudandaula kutsogolo. Komanso mano sasuntha mofanana. Kupendeketsa dzino n'kosavuta, koma kutembenuza dzino lozungulira kapena kutsitsa lomwe lidamera m'mwamba kumatenga nthawi yaitali. Chithandizo chonse kawirikawiri chimatenga miyezi 6 mpaka 18, ndipo mano ovuta amapitirira pamenepo.

Zizindikiro zoti zikuyenda

Choyamba ndi kuthina komwe kumatha. Aligner yatsopano imathina, ndipo mano amamva kuwawa pang'ono kwa masiku awiri kapena atatu, makamaka potafuna. Pofika kumapeto kwa nthawi yake imalowa ndi kutuluka mosavuta. Pulasitiki siinakule ayi, mano ndiwo afika pomwe imawafuna. Yotsatira ikathinanso n'kumasukanso, dziwani kuti ulendo ukuyenda.

Chachiwiri ndi kukhala bwino kwa aligner. Yang'anani kunsonga kwa mano akutsogolo. Pulasitiki iyenera kugwira dzino lonse popanda mpata wa mpweya pakati pa nsonga ya dzino ndi denga la aligner. Kampata kochepa tsiku loyamba si vuto, bola kazichepa masiku akamapita. Madokotala amapereka kampira kofewa kotafuna kwa mphindi zingapo kuti aligner ikhazikike.

Chachitatu, musataye ma aligner akale. Sungani yoyamba. Mukafika pa yachisanu ndi chitatu kapena yakhumi, ziikeni pamodzi papepala loyera n'kuziyang'ana kuchokera pamwamba. Mzere womwe udali wokhotakhota umaoneka kuti wayamba kuzungulira bwino. Ingoyang'anani, musaikakamize yakaleyo m'kamwa.

Chachinayi ndi zithunzi. Jambulani mano tsiku loyamba, kenako kamodzi pamwezi, osati tsiku lililonse. Imani malo omwewo, nthawi yomweyo, kuwala kukuchokera mbali yomweyo. Jambulani kutsogolo mutaluma mano, mbali zonse ziwiri, komanso mutayasamula kuti mzere wa pansi ndi wa m'mwamba uoneke. Chithunzi cha mwezi wachinayi mukachiika pafupi ndi choyamba chimachita ntchito ya azakhali a ku Limbe aja.

Chachisanu, lilime ndi chakudya zimadziwa maso asanaone. Pomwe lilime linkagunda dzino lotulukira mkati limapeza posalala. Pomwe mswachi sunkafika umayamba kufika. Ulusi wa mango kapena nyama umayamba kutsalira malo achilendo chifukwa timipata tatseguka. Timipata timeneti nthawi zambiri timakhala tadala, ndipo timadzatsekedwa kumapeto. Kalumidwe nakonso kamasintha, mwina mano akumbuyo osagundana bwino kwa kanthawi. Ngakhale kugwedera pang'ono kwa dzino lomwe likusuntha n'koyembekezeka.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo chachikulu pa zonse, ndi maso a dokotala. Iye ali ndi chithunzi cha pa kompyuta choonetsa pomwe dzino lililonse liyenera kukhala pa sitepe iliyonse. Pokuonani, kawirikawiri pakatha masabata 6 mpaka 10, amayerekeza m'kamwa mwanu ndi chithunzicho. Mufunseni akuonetseni, ndi ufulu wanu.

Zizindikiro zoti muonane ndi dokotala msanga

Ngati mpata wa pakati pa dzino ndi pulasitiki ukukula ndi aligner iliyonse yatsopano, dzinolo latsalira m'mbuyo, ndipo kupitiriza kusintha ma aligner sikungalikoke. Ngati kachotupa koyera komwe dokotala amamata padzino kuti pulasitiki igwirepo kagwa, dzinolo lasowa chogwirira. Ululu wosagonetsa, nkhama zotupa kapena zotuluka magazi nthawi zonse, nkhama zothawa mpaka muzu kuonekera, dzino losintha mtundu n'kuyamba kuda, kapena logwedera kwambiri, zonsezi sizodikira tsiku la ulendo wotsatira.

Dzino kutsalira si kulephera kwa chithandizo. Zimachitika kwa ambiri. Dokotala akhoza kukubwezani pa aligner yam'mbuyo kapena kujambulanso mano n'kuitanitsa zina zowonjezera.

Maola 22 patsiku

Chomwe chimachedwetsa anthu ambiri si pulasitiki koma mwini wake. Ma aligner ayenera kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 patsiku. Amavulidwa pakudya ndi potsuka mano basi. Mukawasiya m'thumba masana onse, timinofu tija timayamba kubweza dzino komwe lidachoka, ndipo usiku aligner imangobwereza ntchito ya dzulo.

Mutawavala, imwani madzi okha. Tiyi wotentha amapinda pulasitiki. Thobwa, Sobo ndi zakumwa zina za shuga zimalowa pansi pake n'kukhala pamano kwa maola, ndipo mapeto ake ndi mano owongoka koma obooka. Mukadya nzimbe kapena chimanga chokazinga, tsukani mano musanavalenso. Musawakulunge m'pepala pa nthawi ya chakudya, chifukwa ambiri amatayika choncho. Imodzi ikatayika, valani yam'mbuyo ndipo imbirani dokotala.

Makolo ena afunsapo ngati zimenezi n'zololedwa m'Chisilamu. Ma ulama ambiri amasiyanitsa kupala mano abwinobwino pofuna kukongola, komwe n'koletsedwa, ndi kukonza mano opingasana omwe akuvutitsa mwini wake, komwe amakuona ngati chithandizo cha mankhwala. Pa nkhani ya swaumu, aligner si chakudya ndipo palibe chimalowa kukhosi. Ndipotu m'mwezi wa Ramadhan maola 22 aja amakwana mosavuta, bola kukumbukira kutsuka mano ndi kuvalanso pambuyo pa futari ndi daku.

Mano akawongoka ntchito siinathe. Fupa latsopano ndi timinofu zimatenga miyezi kuti zikhazikike, ndipo mano amakonda kubwerera kwawo. Dokotala amapereka chogwirizira chotchedwa retainer chovala usiku, ndipo ambiri amachivala kwa zaka. Zia Chishti uja nzeru yake adaipeza pomwepa: adaona kuti akasiya retainer yake mano amasuntha, akaivalanso amabwerera.

Chenjerani ndi njira zachidule

Pa intaneti pali makanema olimbikitsa achinyamata kumanga mano ndi timphira kapena ulusi kuti atseke mpata. Ophunzira athu, musayese. Dzino ndi lonenepa kumtunda, lowonda kumuzu. Kamphira kamatsetserekera pansi pa nkhama pomwe simungakaone, n'kumadula timinofu togwira dzino mpaka dzino labwinobwino kugwa. Madokotala alembapo za ana omwe adataya mano onse awiri akutsogolo mwa njira imeneyi.

Chenjeraninso ndi ma aligner otumizidwa popanda dokotala kukuonani m'kamwa. Kusuntha dzino lomwe lili ndi nkhama zodwala kapena muzu wofooka kumafulumizitsa kugwa kwake, ndipo zimenezi sizioneka pa chithunzi cha foni. Ku America, kampani yaikulu yogulitsa ma aligner mwa njira yotere, SmileDirectClub, idatseka mwadzidzidzi mu December 2023, n'kusiya makasitomala ali pakati pa chithandizo opanda wowaona. Ndipo aligner ya m'bale wanu singakuthandizeni, chifukwa idaumbidwa pa mano ake.

Kuno kwathu tiyambire pati?

Kuwongola mano kumapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo n'kodula. Banja la kuno ku Nkhulambe liwerengere osati mtengo wa chithandizo wokha, komanso maulendo obwerezabwereza kwa chaka kapena kuposa. Kuyamba n'kusiyira panjira n'koipa kuposa kudikira. Funsaninso ngati wokuthandizaniyo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

Si mano onse okhota omwe afunika kuwongola. Mpata wa pakati pa mano akutsogolo, womwe ena kunja amalipira kuti autseke, kwathu kuno ambiri amauyesa kukongola. Ofunika kuonedwa ndi mano olepheretsa kutafuna, kutseka milomo, kuyankhula bwino kapena kutsuka. Poyambira pake ndi kwa ogwira ntchito za mano pa chipatala cha boma, omwe angaone ngati pali mano obooka kapena nkhama zodwala, n'kukutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ngati pafunika kutero. Makolo, yang'anani m'kamwa mwa ana a zaka 7 mpaka 12, pomwe mano achikulire akumera. Kuyamwa chala mpaka kukula ndi kuzula msanga mano aubwana owola ndi zina mwa zomwe zimapingasa mano.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, koma nawonso akuwonjezeka pang'onopang'ono. Mu 2019 College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kwa nthawi yoyamba kuphunzitsa madokotala a mano konkuno, mogwirizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yosamalira umoyo wa m'kamwa. A Folomu 3 ndi 4 amene mumakhoza Biology ndi Chemistry, khomo limenelo ndi lotsegula.

Kwa kholo lija tidati: mwana wanu atulutse aligner yake yoyamba aiike pafupi ndi yomwe wavala lero, awerenge moona mtima maola amene amaivala, ndipo asasiye asanaonane ndi dokotala wake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kwa ophunzira tonse, mnzanu wa mano opingasana sadasankhe kubadwa choncho. Mayina achipongwe aja asamvekenso pasukulu pano.