WAYA WA MU MKUYU WA KU RUWA

Abale anga a m'migodi ndi a m'mapulazi, ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide m'boma la Goromonzi. Pakutha pa mwezi ndimapita ku Ruwa, pa mseu wocokera ku Harare kunka ku Mutare, kukaceza ndi amalume anga. Iwo anacoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo akalambira pa pulazi. Pakati pa komboni yao pali mkuyu waukuru wa mphanda ziwiri. Pansi pace ndi pamene akuru aweruza milandu, ndipo ana asewerapo tsiku lonse.

Mkuyuwo unayamba kung'ambika pa mphanda ine ndisanabadwe. Mwini pulazi wa masiku amenewo anakweza anyamata ndi waya wonenepa wacitsulo, nazengereza nthambi ziwirizo kuti zigwirane. Kuyambira mu 2000 mapulazi ambiri a ku Mashonaland anasintha eni ace, ndipo womanga waya uja anacoka. Wayayo anatsala m'mwamba, wopanda munthu wokwera kukamuona.

Mvula yoyamba ya Novembala watha inadza usiku ndi mphepo yamphamvu. Nthambi ina inagwa niphwanya khichini ya amalume. Mwai wace kunali mdima. Kukadakhala masana, bwenzi tikunena za maliro.

Nditafika ndinapenya bwino nthambi yakugwayo. Pakati pace wayayo anali woyera ndithu, koma pamene anazungulira nthambi mtengo unam'meza, ndipo m'katimo, mosauma msanga, dzimbiri linam'dya mpaka kuduka. Nthambi nayonso inali yotupa pamwamba pa waya ndi yobvunda pansi pace. Cifukwa cace ndi ici: cakudya cocokera ku masamba cimatsikira ku mizu kupyolera m'kati mwa khungwa. Mtengo ukanenepa, waya sanenepa nao, koma amaupotola pakhosi monga msampha.

Ciliponso cina cimene ambiri sacidziwa. Mtengo umatalika ku nsonga kokha. Waya amene munam'manga poyamba akhala pomwepo, pamene nthambi ikupitirira kutalika ndi kulemera kutsogolo kwace. Zaka zikacuruka, katundu amene waya uja anyamula si uja anam'pimira ai.

Ndinakumbukira nchito yanga. Pa mgodi cingwe cacitsulo cotsitsa ndi kukweza keji sicisiyidwa cokha. Amaciyang'ana kawirikawiri, amacipaka girizi, ndipo nthawi ndi nthawi amadulako nsonga kukaiyesa mphamvu. Zonsezi zilembedwa m'buku, ndipo cingwe cikakalamba acicotsa cisanaduke. Ndinazizwa kuti ife tomwe tidziwa zimenezi tinakhala pansi pa waya wa zaka zoposa zanga, osafunsa kanthu.

Ku maiko a kutali alipo anthu amene nchito yao ndi kusamala mitengo ikuruikuru. Ku America malamulo ao achedwa ANSI A300. Iwo sazengereza waya wacitsulo pa nthambi ai. Amaboola nthambi, nalowetsa bauti ya diso, namanga waya wopakidwa zinki pa disolo. Amam'manganso m'mwamba, magawo awiri mwa atatu kucokera pa mphanda kunka ku nsonga, pakuti waya wa m'munsi amanyamula katundu woposa. Ku Germany anapanga cingwe capulasitiki cochedwa Cobra, cokhala ndi lamba wofewa wosapweteka khungwa, koma ico cimafooka ndi dzuwa ndipo ciyenera kusinthidwa zaka zace zikakwana. Onsewa agwirizana pa mau amodzi: waya ayenera kuonedwa nthawi ndi nthawi, ndipo nthambi yolemera ayenera kuipepuza poisadza.

Anyamata a pa komboni anafuna kumanga nthambi yotsalayo ku mtengo wina ndi waya wa mpanda. Ndinati, "Amalume, ndapota nanu, aletseni. Ayambe asadza nthambiyo, ndipo ana asasewere pano kufikira nchito itatha."

Iwo anakhala cete pang'ono, nati, "Mwanawe, nanga adzakumbukira ndani kukwera caka ca mawa?"

Ndinapita ku sitolo ndi kugula kabuku ka ana a sukulu. Pa tsamba loyamba ndinalemba tsiku limene tinasadza mkuyuwo, ndi mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, wakuti munthu adzakwerenso. Kabukuko amalume akasunga m'sutikesi mwao pamodzi ndi citupa.