CHILOLEZO CHOGWIRIRA NTCHITO KUNJA: ZOYENERA KUDZIŴA MUNTHU ASANANYAMUKE

Boma la Mulanje lidazoloŵera maulendo a ntchito kuyambira kalekale. Henry Brown atabzala tiyi m'tsinde mwa phiri m'chaka cha 1891, minda ya Azungu idayamba kuchuluka, ndipo Alomwe ambiri adaoloka mitsinje ya Ruo ndi Muloza kuchokera ku Mozambique kudzalima ndi kudzathyola tiyi. Pambuyo pake amuna a m'boma lomweli nawonso adanyamuka kupita ku Halale ndi ku Joni. Lero amene akulingalira za ulendo ndi anthu a maphunziro: namwino wochokera pa sukulu ya unamwino ya Mulanje Mission, mphunzitsi wa ku sekondale, makaniko wa m'fakitale ya tiyi ku Lujeri, woŵerengetsa ndalama wa pa Boma. Onseŵa ali ndi luso ndi masatifiketi. Koma chimene ambiri saganizira n'chakuti pasipoti si chilolezo chogwirira ntchito. Pasipoti imangonena kuti munthu ndi nzika ya Malaŵi. Chilolezo cha ntchito chimaperekedwa ndi dziko limene munthuyo akupitako, ndipo kaŵirikaŵiri chimayenera kukhala m'manja mwake asanatseke chitseko cha nyumba yake.

Kale ndi lero

M'masiku a Wenela, munthu wofuna ntchito ya m'migodi sankavutika ndi mapepala. Bungwelo linkamulemba, kumuyeza m'thupi, kumukweza ndege ndi kumubweza kwawo kontrakiti ikatha. Pofika m'chaka cha 1973, Amalaŵi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 bungwelo litasintha dzina kukhala Teba, koma idatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Nthaŵi yomweyo panali enanso amene ankapita paokha, otchedwa a selufu, ndipo ambiri mwa iwo adasanduka matchona.

Lero palibe bungwe lotenga munthu pa dzanja monga kale. Wopita kunja amanyamula yekha udindo wonse wa mapepala, ndipo akalakwitsa, mlandu ndi wake.

Zilolezo za ku South Africa

Mmalaŵi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kuloŵa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Masiku ameneŵa ndi ochezera basi. Lamulo la dzikolo, la m'chaka cha 2002, silimulola kugwira ntchito. Wofuna ntchito yovomerezeka ali ndi njira zitatu zikuluzikulu.

Njira yoyamba ndi Critical Skills Work Visa. Boma la South Africa limasindikiza mndandanda wa ntchito zimene lili ndi anthu ochepa odziŵa, monga mitundu ina ya uinjiniya, udokotala, unamwino wapadera ndi ntchito za makompyuta. Amene ntchito yake ili pa mndandandawo ndipo wapeza womulemba angapatsidwe chilolezo cha zaka zosapitirira zisanu. Mndandandawu umasintha, kotero munthu ayenera kuona umene ukugwira ntchito pa nthaŵi imene akupempha.

Njira yachiŵiri ndi General Work Visa, ya munthu amene ntchito yake siili pa mndandanda uja. Kuyambira mu Okutobala 2024, dzikolo limaŵerengera mapointi, ndipo wopempha ayenera kufika 100. Mapointiwo amachokera pa maphunziro, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchito, kudziŵa chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka za dzikolo, ndiponso kudalirika kwa kampani yomulemba.

Njira yachitatu ndi Intra-Company Transfer Visa, ya munthu amene kampani yake ikumusamutsira ku nthambi yake ya ku South Africa. Chilolezo chimenechi sichipitirira zaka zinayi.

Pa njira ziŵiri zoyambazo, masatifiketi a ku Malaŵi amayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA, limene limanena kuti maphunzirowo akufanana ndi gawo liti la maphunziro a kumeneko. Namwino ayeneranso kulembetsa ku South African Nursing Council, dokotala ku Health Professions Council of South Africa, injiniya ku Engineering Council of South Africa. Zonsezi zimatenga miyezi ndi ndalama.

Pali mfundo imodzi imene yagwetsa ambiri. Kuyambira mu 2014, munthu woloŵa ngati mlendo saloledwa kusintha kukhala wantchito ali m'dzikomo. Pempho limaperekedwa ali kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa. Wopitiriza masiku ake amaletsedwa kuloŵanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Wogwidwa akugwira ntchito popanda chilolezo amatsekeredwa, kaŵirikaŵiri ku Lindela pafupi ndi Krugersdorp, podikira kumubweza kwawo.

Zilolezo za ku Britain

Anamwino ndi madokotala ambiri maso awo ali ku Britain. Kumeneko njira yaikulu ndi Skilled Worker Visa, ndipo anthu a zachipatala ali ndi nthambi yakeyake yotchedwa Health and Care Worker Visa, imene idayamba mu 2020. Maziko a zonsezi ndi amodzi: munthu ayambe wapeza ntchito kwa wolemba anthu amene ali ndi laisensi ya boma la Britain, ndipo wolembayo amupatse Certificate of Sponsorship. Popanda umboni umenewu palibe viza. Wopempha ayenera kuonetsa kuti amadziŵa Chingerezi, ndipo Mmalaŵi amafunikanso satifiketi yosonyeza kuti adayezedwa chifuwa chachikulu.

Namwino ali ndi makwerero enanso. Bungwe la Nursing and Midwifery Council la ku Britain limaunika maphunziro ake ndi kufunsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati mbiri yake ili yabwino. Amalemba mayeso a Chingerezi, a IELTS kapena a OET, kenaka mayeso a pa kompyuta, ndipo akafika ku Britain amayesedwa pa ntchito ya manja. Satifiketi yokwanira kugwirira ntchito m'chipatala cha kuno sivomerezedwa kunja pokhapokha bungwelo litakhutira nayo.

Malamulo a ku Britain akhala akukhwima. Kuyambira mu Malichi 2024, osamalira okalamba ndi odwala adaletsedwa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 njira yolembera anthu otere kuchokera kunja idatsekedwa. Tsono munthu aliyense amene lero akulonjeza mtsikana wa ku Chitakale kapena ku Limbuli ntchito yosamalira okalamba ku Britain, n'kumuuza kuti alipire ndalama za Certificate of Sponsorship, akumunamiza. Ngakhale pa ntchito zimene zikuloledwabe, ndalama za umboni umenewu amalipira ndi wolemba ntchito.

Chinanso n'chakuti Malaŵi ali pa mndandanda wa maiko 55 umene bungwe la World Health Organization lidatulutsa mu 2023, wa maiko osoŵa kwambiri anthu a zachipatala. Chifukwa chake malamulo a ku Britain salola zipatala ndi makampani kubwera kudzakopa anamwino kuno. Namwino ali ndi ufulu wofunsira ntchito yekha mwachindunji ku chipatala cha kumeneko, koma wina woyendayenda n'kumati akulemba anamwino ayenera kukayikiridwa. Vuto la kuchoka kwa anamwino si lachilendo. Mu 2004 boma la Malaŵi lidayamba ndondomeko yapadera imene idakweza malipiro a anthu a zachipatala ndi 52 peresenti, pofuna kuti zipatala zisatsale zopanda anthu. Amene adaphunzira ndi thandizo la boma kapena la mpingo n'kusaina pangano logwira ntchito zaka zakutizakuti ayenera kulikwaniritsa asanachoke.

Chilolezo chimamangidwa pa ntchito

Pafupifupi m'maiko onse chilolezo chimatchula ntchito ndi womulemba munthuyo. Ku Britain, ntchito ikatha, munthu kaŵirikaŵiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze womulemba wina wovomerezeka kapena abwerere kwawo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adachoka ku Malaŵi kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo maboma aŵiriwo adasainirana pangano mu Epulo 2024. Mwezi wotsatira, Amalaŵi 12 amene adasiya mindayo n'kukagwira ntchito ina adabwezedwa, chifukwa viza yawo inali ya ulimi wokha.

Ku maiko ena a Aluya, monga Oman, chingwe chimenechi n'cholimba koposa, pakuti wantchito sangachoke pakhomo popanda chilolezo cha abwana ake. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa za amayi a ku Malaŵi amene adalonjezedwa ntchito zabwino kumeneko, koma atafika adalandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ya m'nyumba mwankhanza. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunyenga munthu motere ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo loletsa kugulitsa anthu limene Malaŵi adakhazikitsa mu 2015.

Malaŵi nayenso ali ndi malamulo otere pa alendo. Manejala wochokera kunja wobwera kudzayang'anira esiteti ya tiyi, kapena dokotala wodzathandiza pa chipatala cha mishoni, amafunika Temporary Employment Permit. Wopempha ndi womulemba ntchitoyo, ku nthambi ya boma yoona za anthu oloŵa ndi otuluka, ndipo chilolezocho chimakhala cha zaka ziŵiri. Chimodzimodzinso tsidya la Muloza: kupita ku msika wa ku Milange m'maŵa n'kubwerako madzulo ndi nkhani ina, koma kulembedwa ntchito m'kampani ya ku Mozambique kumafuna chilolezo, ndipo lamulo la kumeneko limaika malire pa chiŵerengero cha alendo amene kampani ingalembe.

Asanagulitse munda

M'boma lothithikana ngati la Mulanje, munda ndiwo chuma chomaliza cha banja, ndipo mabanja ena amaugulitsa kapena kutenga katapila kuti mwana apite kunja. Safunsa adadya phula. Banja lisanatulutse ndalama liyenera kuona kalata ya ntchito yokhala ndi dzina la kampani, malipiro ndi kutalika kwa kontrakiti. Lifufuze ngati kampaniyo ilipodi; boma la Britain limasindikiza pa intaneti maina a onse ololedwa kulemba anthu akunja, ndipo aliyense angaŵerenge kwaulere. Lifunse dzina lenileni la viza ndi kuona ngati ili ya ntchito kapena yochezera. Likafike ku ofesi ya zantchito pa Boma kukafunsa ngati wolemba anthuyo akudziŵika. Ndalama za viza zilipiridwe ku ofesi yovomerezeka n'kulandira lisiti, osati pa foni ya munthu. Wonyamukayo asiye makope a pasipoti, a kontrakiti ndi a masatifiketi kwa mwinimbumba kapena m'bale wina wodalirika, ndipo akafika adziŵitse ofesi ya kazembe wa Malaŵi yoyang'anira dzikolo za kumene akukhala.