Kamera Yakalamba, Kapena Ndi Fumbi Chabe?

Wojambula pa maukwati ku Mgona akaona zithunzi zake zikutuluka ngati muli chifunga, amathamangira kuganiza zogula kamera ya ma megapixel ambiri. Dikirani kaye, tiwerengere limodzi. Kuti chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali chisindikizike bwino, chimafuna timadontho 1,200 kuchulukitsa ndi 1,800. Amenewo ndi ma megapixel 2 ndi pang'ono basi. Ndiye kamera ya 12 ikukwana, ena n'kutsala!

Kawirikawiri wolakwa ndi fumbi la m'chilimwe, lomwe limamatira pa lenzi n'kumamwaza kuwala. Kansalu kofewa kamathetsa zimenezo.

Chimene chimathadi ndi shata, kachitseko kolowetsa kuwala. Pa makamera ambiri a DSLR anakapanga kuti katseguke pafupifupi ka 100,000. Kakayamba kukakamira, funsani mtengo wokasintha musanafunse wa kamera yatsopano.