Musafunse rauta anthu onse akumva

Ife oyang'anira netiweki timakhalira kufunsa zipangizo zimene zili kutali. Timafunsa rauta kuti yakhala ikuyaka kwa nthawi yaitali bwanji, chingwe chiti chadzaza, kapena ngati yatentha. Timafunsa kudzera mu SNMP, njira imene inayamba mu 1988. Vuto lake n'lakuti SNMP yoyamba (v1) ndi yachiwiri (v2c) zimadalira liwu limodzi lachinsinsi, community string, lomwe limayenda osabisika, ndipo zipangizo zambiri zinkagulitsidwa liwulo lili "public". Aliyense wotchera khutu panjira amalitola, n'kuyamba kufunsa ngati mwini wake. Mu 2023 mabungwe achitetezo a ku Britain ndi America anaulula kuti gulu la APT28 linalowa m'marauta a Cisco mu 2021 pogwiritsa ntchito mawu ofooka otere.

N'chifukwa chake ndimaumirira SNMPv3, imene inakhazikitsidwa mu 2002. Imachita zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu amazisokoneza. Choyamba n'kutsimikizira wofunsa: uthenga uliwonse umadindidwa chizindikiro cha SHA chochokera ku pasiwedi, moti wina akasintha ngakhale chilembo chimodzi, rauta imaukana. Imakananso uthenga wochedwa kupitirira masekondi 150, kuti munthu asaujambule n'kudzautumizanso mawa. Chachiwiri n'kubisa zimene zili mkati ndi AES. Kudinda kokha, kumene timati authNoPriv, kuli ngati kalata yosainidwa koma yosamata: palibe angainamizire, koma aliyense angaiwerenge. Choncho mukamalemba lamulo lofunsira rauta la snmpget, sankhani authPriv, yomwe imadinda ndi kubisa, muike mapasiwedi awiri osiyana.

Ena amati netiweki yawo ndi yamkati, mlendo safikamo. Koma kompyuta imodzi ya muofesi ikagwidwa, mdani wakhala kale mkati. Ena amati amangowerenga, sasintha kanthu. Komatu mayankho a rauta amaulula maadiresi, mtundu wa pulogalamu yake ndi zipangizo zoyandikana nayo, zomwe wakuba amafuna asanayambe. Dandaulo lomveka n'lakuti v3 imavuta kuikonza ndipo zipangizo zina zakale siziidziwa. N'zoona. Zakalezo zipatuleni, zizingoyankha kompyuta imodzi yoyang'anira, kufikira mutagula zina. Pa zotsalazo, ntchito yolemba dzina, mapasiwedi ndi malire a zimene munthu angaone imachitika kamodzi, pomwe liwu losabisika limakuikani pangozi nthawi iliyonse imene mwafunsa. Pa zipangizo zodziwa v3, tsekani v1 ndi v2c lero.