Amuna ogonana ndi amuna anzawo: mbali ya zaumoyo imene sitikamba

Pa 28 Juni 2024, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko mumzinda wa Blantyre lidakana pempho loti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha afafanizidwe. Motero ndime 153 ya malamulo a milandu ikadali pomwepo, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kukaseweza jere mpaka zaka 14. Nkhaniyi ikabuka m'minibasi kapena pa wailesi, imathera pa tchimo ndi chikhalidwe. Mbali ya zaumoyo siimveka kawirikawiri, chonsecho ikukhudza ngakhale iwo amene amaganiza kuti za mathanyula zili nawo kutali.

Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti kodi amenewa ndi matenda? Madokotala adayankha kalekale. Bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America lidachotsa khalidweli pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachita chimodzimodzi pa 17 Meyi 1990. Kuno ku Africa, bungwe la akatswiri a sayansi la Academy of Science of South Africa lidatulutsa lipoti mu 2015 litaunika kafukufuku wa zaka zambiri. Silidapeze umboni woti munthu angapatsire mnzake chilakolako chotere, kapena woti uphungu ndi mankhwala zingachisinthe. Zimene lidapeza n'zakuti kukakamiza munthu kusintha kumamuvulaza m'maganizo.

Nanga chimachokera kuti? Mu 2019 magazini ya Science idafalitsa kafukufuku wa majini a anthu oposa 470,000, ambiri mwa iwo a ku Britain ndi America. Jini imodzi yochititsa zimenezi sidapezeke. Majini ambirimbiri amathandizirapo pang'onopang'ono, pamodzi ndi zinthu zina zimene munthu amadutsamo kuyambira ali m'mimba. Palibe dokotala amene angatenge magazi a mwana n'kulosera amene adzamukonde akadzakula.

Mawu oti zimenezi adabweretsa ndi azungu sagwirizana ndi mbiri. Azungu ena amene adafika ku Angola m'zaka za m'ma 1600 adalemba modabwa za amuna otchedwa chibados, amene ankavala ndi kukhala ngati akazi, ena mwa iwo asing'anga olemekezeka. Wofufuza za chikhalidwe E. E. Evans-Pritchard, yemwe adakhala pakati pa Azande a ku Sudan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, adamva kwa akuluakulu za asilikali a mfumu amene ankalowola anyamata, komanso za akazi apamitala amene ankakondana mwachinsinsi. Ku Kano, m'dziko la Nigeria, kuli amuna okhala ngati akazi otchedwa yan daudu, ku Lesotho kudali ubwenzi wa akazi wotchedwa motsoalle. M'makomponi a migodi ya ku Johannesburg, komwe agogo athu ambiri adapita pa Wenela, maukwati a amuna okhaokha adali ofala moti boma lidachititsa kafukufuku mu 1907. Zina mwa izi, makamaka zokhudza anyamata aang'ono, ndi nkhanza zimene palibe angaziikire kumbuyo lero. Phunziro lake n'lakuti khalidweli lidalipo pakati pa mitundu ya mu Africa, mtundu uliwonse n'kumaliona mwa njira yake. Chimene chidakweradi sitima kuchokera kutsidya la nyanja ndi lamulo lomanga anthuwa: Angerezi adalilemba ku India mu 1860, kenako lidafika m'maiko ena omwe ankawalamulira, kuphatikizapo Nyasaland.

Tsopano tifike pa HIV, pamene pagona nkhani. Kugonana kodzera kumalo ochitira chimbudzi kumafalitsa kachilomboka mosavuta, kaya ochitawo ndi mwamuna ndi mkazi kapena amuna okhaokha. Khungu la m'kati mwa malowa ndi lopyapyala kwambiri, silitulutsa chinyezi chokwanira, limang'ambika msanga, ndipo pansi pake pali maselo ambiri amene HIV imakonda kulowamo. Bungwe la CDC la ku America limawerengera kuti pa maulendo 10,000 ogonana popanda chitetezo ndi munthu amene ali ndi kachilombo koma sali pa mankhwala, wolowedwa kumbuyo angatenge HIV maulendo 138, pamene mkazi wogonana mwa njira ya kumaso ndi maulendo 8. Kusiyanaku kumachokera pa kapangidwe ka thupi basi.

Ziwerengero za kuno kwathu zikuonetsa zomwezo. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2009, wochitika mogwirizana ndi bungwe la CEDEP, adapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo pafupifupi 200 amene adayezedwa m'Malawi, 21 pa 100 aliwonse adali ndi HIV. Wina wokulirapo, wa amuna oposa 2,400 m'madera 7, adatuluka mu 2017 ndipo adapeza 18 pa 100 aliwonse. Ambiri zedi mwa iwo sankadziwa kuti ali nako. Yerekezani ndi akuluakulu onse m'dziko muno, omwe kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti ndi pafupifupi 9 pa 100 aliwonse.

Amunawa sakhala kwaokha. Ofufuza adapeza kuti ambiri ali ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi, ena chifukwa amakonda mbali zonse, ena chifukwa abale adawaumiriza kukwatira kuti anthu asiye kunong'ona. Kachilombo kakalowa mwa bambo amene akuopa kukayezetsa, mayi wa kunyumba amene sadziwa kanthu ali pangozi, ndipo mwana amene ali m'mimba nayenso ali pangozi. Apa ndi pamene ndimaona kuti aliyense wofuna kuti Edzi ithe, kaya chikhulupiriro chake chimati chiyani, nkhaniyi ndi yakenso.

Taganizirani mwamuna amene ali ndi zilonda kapena njerewere kumalo obisikawa. Wafika pa mzere wa chipatala, buku lake lili m'manja, akudziwa kuti namwino amapemphera mpingo umodzi ndi azakhali ake. Akalowa m'chipinda amangoti mutu ukuwawa, amalandira panado n'kubwerera. Chindoko kapena chinzonono chimene chikadatha ndi jakisoni chimangokulirakulira, ndipo zilonda zake zimatsegulira HIV njira. Mantha oterewa adayezedwapo. Nigeria itakhazikitsa lamulo lokhwima mu 2014, ofufuza ku Abuja adapeza kuti amuna oopa kupita kuchipatala adachuluka kuchoka pa 25 kufika pa 38 mwa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wa m'maiko 10 a kum'mwera kwa Sahara, wofalitsidwa mu magazini ya The Lancet HIV mu 2023, adapeza kuti kumene khalidweli ndi mlandu, mwayi woti amunawa apezeke ndi HIV udali wochuluka kasanu kuposa kumene si mlandu. Mozambique idachotsa lamulo lotere mu 2015, Botswana mu 2019, Namibia mu 2024, pamene Uganda idakhwimitsa lake mu 2023.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zida zodzitetezera zilipo ndipo zimagwira ntchito. Kondomu imateteza, koma iyenera kuyendera limodzi ndi mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola zimafewetsa mpira wa kondomu mpaka kuphulika. Pali PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa tsiku ndi tsiku kapena kubayitsa kuti asatenge kachilombo, ndipo akamwedwa mwandondomeko amateteza pafupifupi kotheratu. Kwa amene ali nako kale, ma ARV akachepetsa tizilombo mpaka kusaoneka poyeza magazi, munthuyo sapatsiranso mnzake pogonana. Kafukufuku wa PARTNER2 ku Ulaya adatsatira mabanja 782 a amuna okhaokha, mmodzi ali ndi HIV ndipo ali pa mankhwala, winayo alibe. Pa maulendo oposa 76,000 ogonana popanda kondomu, palibe ngakhale mmodzi adatenga kachilombo kwa wokondedwa wakeyo.

Ndondomeko za boma zolimbana ndi Edzi zimawatchula kale amunawa ngati gulu lofunika kulifikira mwapadera. Chimene chatsala chili m'manja mwa anthu a m'chipinda chopimira. Inu a dokotala ndi a namwino, mudalonjeza kusunga chinsinsi cha wodwala aliyense: funsani mafunso onse mwaulemu, pimani pamene pakupweteka, ndipo zimene mwamva zitsale momwemo. Nanunso achimwene amene nkhaniyi ikukukhudzani, pitani mukayezetse, mufunse za PrEP, ndipo mukapezeka ndi kachilombo yambani ma ARV tsiku lomwelo. M'zipatala za boma mankhwalawa ndi aulere.